Zikhomo ndi zingwe za a Tidikire

Malemu amene atisonkhanitsa pano, bambo a nyumba ino, anabadwa pa 14 Meyi 1956, ali mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali mmisiri wokhoma zidebe ndi mabeseni, ndipo mayi awo ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Anapatsidwa dzina labwino lomwe mwaliwerenga pabokosi, koma kwa zaka zambiri amene ankalitchula ndi a ku banki ndi a kuchipatala okha. Antchito awo, makasitomala awo, ngakhale zidzukulu, onse ankati a Tidikire. Inenso ndiwatchula choncho, chifukwa ndikatchula linalo ena mwa inu muyamba kufunsana kuti kodi tabwera pamaliro a yani.

Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo, mng'ono wa mayi a nyumba ino. Banja landisankha ati chifukwa sindilira msanga. Ndisanapite patali ndipemphe chinthu chimodzi. Pabwalo pano mukuona zikhomo ndi zingwe zoyera zomwe zakokedwa pansi. Ndaona kale ena akupunthwa, ndipo abambo ena pageti amafuna kuzizula kuti atithandize. Chonde musazizule. Zingwezo ndi lonjezo limene malemu anapereka kwa akulu anga asanawakwatire, loti adzawakonzera dimba la maluwa pakhomo pawo. Atisiya asanalikwaniritse. Tsono ana akufuna kuti maliro akatha awatenge amayi awo akakhale nawo m'nyumba yam'mwamba ya m'nyumba zosanja zija, komwe kulibe dothi ngakhale lodzaza kapu. Akulu anga andituma kuti ndiyankhe nkhaniyi pamaso pa anthu, ndipo ndiyankha mbiri ikafika pamenepo.

Malemu anayamba sukulu ya pulayimale mu 1964. Ankanena okha kuti masamu ankawazunguza mutu, koma pa kujambula panalibe wowaposa. Kumbuyo kwa makope awo kunkadzaza mapu a bwalo la sukulu, mitengo yake ndi zimbudzi zomwe. Anasankhidwa kupita ku sekondale mu 1973, koma bambo awo atamwalira mu 1975 anasiyira panjira kuti athandize mayi awo kulera ana ang'onoang'ono omwe anatsala.

Mu Febuluwale 1976 analembedwa ntchito yotchetcha udzu pa hotelo ina. Anawapatsa chikwakwa, wilibala ya tayala lophwa ndi ovololo ya munthu wamtali kuposa iwo. Abale awo ena ankachita manyazi kutchula ntchitoyi, ankangoti ali ku hotelo, kuti womva aziganiza kuti amavala tayi. Eniake manyazi analibe. Mu 1979 hoteloyo inawatumiza ku maphunziro a kasamalidwe ka maluwa ndi mitengo komanso kajambulidwe ka mabwalo. Anabwerako ndi setifiketi, rula yaitali ndi matama pang'ono.

Nthawi imeneyo akulu anga ankachapa ndi kusita nsalu pa hotelo yomweyo. Zenera la chipinda chochapira linayang'ana kumpanda wa maluwa, ndipo mpanda umenewo unkametedwa tsiku ndi tsiku mpaka unatsala pang'ono kuuma. Malemu atabwera kwathu kudzaonekera, ine ndinayang'ana zikhadabo zawo zodzaza dothi n'kuuza akulu anga kuti mnyamata ameneyu adzakudyetsani masamba. Akulu anga sanandimvere. Anali atalonjezedwa kale maluwa a rozi pansi pa zenera la kuchipinda, kapinga wobiriwira, ndi njira ya njerwa kuti popita kukayanika zovala asamaponde matope. Kwa munthu amene ankachapa nsalu za ena tsiku lonse, lonjezo limenelo linaposa mphete. Anakwatirana pa 12 Seputembala 1981.

Mu 1984 malemu anachoka ku hotelo kukalowa kampani yokonza mabwalo a maofesi. Mu 1986 anapatsidwa ntchito yawo yoyamba yaikulu, bwalo la maofesi atsopano a kampani ina ya inshuwalansi. Anajambula njira yokhotakhota ngati njoka, yochokera pageti, kuzungulira bedi la maluwa, kenako n'kukafika pakhomo. Papepala inali yokongola zedi. Koma munthu amene wachedwa kuntchito alibe nthawi yozungulira maluwa. Posakhalitsa pakati pa kapinga panatuluka mzere wa dothi, woongoka kuchoka pageti kukafika pakhomo. Malemu anaikapo chikwangwani choletsa kuponda. Anthu ankachilambalala. Anamangapo waya. Anthu ankamulumpha. Atapsa mtima anabzalapo mpanda wa minga. M'mawa wina mayi wophika tiyi pamaofesipo anang'ambika mwendo ndi mingayo mpaka anakamusoka kuchipatala, ndipo malemu anachotsedwa ntchito.

Anapita kunyumba kwa mayiyo kukapepesa. Mayiyo anawauza kuti iye analibe nawo chifukwa maluwa awo, koma basi imamutsitsa mbali ya kugeti ndipo abwana amafuna tiyi akangokhala pampando. Akulu anga akuti malemu atabwerako anakhala pakhomo osadya, kenako anangoti iwo akhala akujambulira mbalame zoona bwalo kuchokera kumwamba, pomwe oyendapo ndi anthu a miyendo.

Mu 1988 anayamba kampani yawoyawo, ali ndi wilibala imodzi, makasu awiri ndi munthu m'modzi amene lero ndi akapitawo athu, omwe akhala apo atagwira chipewa m'manja. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Akapatsidwa bwalo latsopano ankabzala kapinga paliponse, osaika njira ngakhale imodzi. Kenako ankadikira dzinja lonse lidutse. M'mawa ankapita kukakhala pafupi ndi kanyumba ka mlonda kumayang'ana anthu akulowa. Pamene mapazi apha udzu, pamenepo ndi pomwe ankakhoma zikhomo, kukoka zingwe n'kuyala njerwa. Pamene anthu amakonda kuimirira akamalankhula pafoni kapena akamajeda abwana, ankaikapo benchi. Pamene madalaivala amadikirira mabwana awo, ankabzalapo mtengo wa mthunzi. Mwini malo akafunsa kuti nanga njira zili kuti, yankho linali limodzi: abwana, tidikire, mapazi sanamalize kulemba. Dzina lija linachokera pamenepo.

Sindinama pamaso pa bokosi kuti njira imeneyi inkasangalatsa aliyense. Mu 1991 eni masitolo ena atsopano anaitana alendo olemekezeka kudzatsegulira malo awo, ndipo nsapato zazitali za amayi zinkatitimira mu kapinga wonyowa. Tsiku lomwelo ntchito inatha. Ena ankati ndi ulesi wovala ovololo. Koma amene anapirira nawo sanawasiyenso, ndipo ena a iwo ndikuwaona pano. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapita kumabwalo amene anakonza simupezako chikwangwani choletsa kuponda pa udzu, chifukwa palibe amene amafuna kupondapo.

Ine ndinalowa kampaniyi mu 1993, banja langa litatha. Anandipatsa kalole konyamulira manyowa, mbande ndi makina otchetchera udzu. Tinkakangana kuyambira pageti mpaka kukafika kuntchito. Iwo ankati ndimayendetsa ngati ndikuthawa moto, ine ndinkati akanakhala woyendetsa ndi iwo bwenzi mbande zikufika zitabereka kale. Koma ndinaphunzira zambiri. Kubanki tinkafika asanatsegule, kuti kasitomala asapeze zinyalala za mpanda pakhomo. Pamalo omwetsera mafuta tinkabzala maluwa osaopa utsi ndi dzuwa. Kuhotelo makina sankalira alendo asanadzuke. Kuthirira kunali m'mawa, osati dzuwa lili paliwombo. Lamulo lawo lalikulu linali loti ukafika pamalo uyambe wapereka moni kwa mlonda usanakaone abwana, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu amene amaona kuti paipi yaphulika kapena maluwa afota ndi mlonda. Ndipo mtengo wa zipatso sankaubzala pamalo oimika magalimoto. Zimenezi anaziphunzira mbalame zitapenta galimoto yatsopano ya abwana ena, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Malo ano anagula mu 1990, ndipo akulu anga anati tsopano dimba lija lafika. Koma pali chinthu chimene anthu a maofesi amachita. Abwana atsopano akangobwera amafuna maluwa atsopano, akalewo amati azulidwe. Malemu sankatha kutaya chomera chimene chikupumabe. Ankandiuza kuti ndikweze pakalole, tikasunge kunyumba sabata imodzi yokha. Sabata imeneyo sinathe mpaka lero. Bwalo lino linadzaza machubu, zitini, mabeseni obooka ndi matayala, chilichonse chili ndi wodwala wake. Ana ankati ndi chipatala cha adadi. Zambiri zinkachira n'kubwerera kukakongoletsa mabwalo a anthu ena, koma pochoka chimodzi pankabwera ziwiri. Chaka ndi chaka mvula ikasiya akulu anga ankafunsa za dimba lawo, ndipo ankayankhidwa ngati kasitomala, kuti mayi, tidikire, mapazi anu sanamalize kulemba. Chaka china anatopa, anabzala okha duwa la rozi mu ketulo yobooka n'kuika pansi pa zenera. Malemu anaisuntha ati pamenepo dzuwa la masana limawomba kwambiri. M'nyumba muno simunamveke mawu kwa masiku angapo, koma tiyi wawo sanaphonye, ankangofika wopanda shuga.

Mu 2004 anapatsidwa ntchito yaikulu kuposa zonse, yokonza ndi kusamalira bwalo la chipatala china chachikulu. Antchito anachuluka, tinagula kalole kachiwiri. Kumeneko anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kumene osamalira odwala amapita akafuna kulira osaonedwa. Anapeza kuti ndi kuseri kwa chipinda chochapira, ndipo anabzalako mpanda wautali n'kuikako benchi yoyang'ana kukhoma. Benchi imeneyo ifenso tinadzakhalapo.

Mu 2015 mwana wawo wamkazi, wachiwiri kubadwa, anamaliza maphunziro ake n'kulowa kampani. Iye amajambula pa kompyuta, ndipo bwalo limaoneka litakula kale, mitengo ili ndi mthunzi. Malemu ankati kompyutayo ndi yabodza, imalonjeza mthunzi ngati mnyamata wofunsira. Mwanayo ankawakumbutsa kuti pa nkhani ya malonjezo a anyamata ofunsira iwo asalankhule. Ankakondana kwambiri awiriwa. Mu 2021 anamusiyira kampani, ngakhale m'mawa uliwonse ankakhalabe oyamba kukwera kalole.

Matenda anayamba mu 2022. Miyendo inkatupa, akakankha wilibala pang'ono mpweya unkawathera. Tikawauza za kuchipatala ankati tidikire. Ndinena pano zomwe ndinawauza ali moyo, kuti kudikira kwina ndi nzeru koma kwina ndi mantha. Abambo amene muli pano mumve. Tsiku lina ine ndi akulu anga tinawakweza pakalole ngati thumba la manyowa, ndipo madokotala anapeza kuti mtima wawo unali utafooka kalekale. Kuyambira pamenepo ankagonekedwa n'kutuluka, kugonekedwa n'kutuluka.

Mu Januwale chaka chino anasiyiratu kupita kuntchito. Ankakhala pampando pakhonde apo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anayang'ana bwalo lawo momwe ankayang'anira mabwalo a anthu ena. Mu Epulo anaitana akapitawo kuti asunthire chipatala chonse cha zomera chija kukhoma. Zitini zitachoka, njira za akulu anga zinaonekera pansi, zolimba ngati simenti. Ina yochoka kukhitchini kupita pampope. Ina yochoka pampope kupita pachingwe choyanikira zovala. Ina yochoka pakhonde kupita kugeti. Ndipo yachinayi, yozama kuposa zonse, yochoka pakhomo la kukhitchini kukafika pathebulo la pangodya apo, pomwe malemu ankathirira dothi m'machubu. Imeneyo inakumbika ndi kapu ya tiyi.

Njira zitatu zoyambazo anazikhomera zikhomo ali pampando, akuloza ndi ndodo. Akapitawo ankakhoma, akulu anga ankagwira chingwe, ndipo ankakangana pa chikhomo chilichonse, malemu ati chingwe chakhota, akulu anga ati chakhota ndi diso la mwini ndodo. Yachinayi anakana kuikhomera. Anati njira imeneyo inkayendedwa chifukwa cha iwo, ndiye akachoka mapazi a mayi adzapeza kwina kolowera, tisaonongepo njerwa. Anati tidikire dzinja limodzi iwo kulibe, tione kumene mapaziwo adzalembe. Akulu anga anawauza kuti ndi munthu wamwano, wofuna kujambula ngakhale umasiye wa mkazi wake. Ine ndinawauza kuti sindinaonepo munthu wofuna kudikiritsa anthu ali m'manda. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Anagonekedwa komaliza pa 27 Meyi. Anatisiya m'mawa wa pa 3 Juni 2024, akulu anga atawagwira dzanja, ali ndi zaka 68.

Tsopano ndiyankhe ana. Inu woyamba kubadwa, ndi inu chitsiriza, maganizo anu ndi achikondi, palibe akutsutsa. N'zoona kuti nyumbayi ndi yaikulu, ndipo bondo la amayi anu silili bwino. Mwakonza chipinda, mwagula bedi, tamva. Koma amayi anu akuti adikira zaka zopitirira makumi anayi, ndiye sangachoke pamene zingwe zakokedwa kale. Akuti m'nyumba yam'mwamba mapazi awo akalemba pati, pa matailosi? Sakuchoka pano. Za kukhala okha musadandaule, ine ndikusamukira m'chipinda cha kuseri. Ndinawafunsa amayi anuwo, anakana, koma ndikubwerabe. Mlongo wanu wavomera kuti Lolemba likudzali antchito ayambe kuyala njerwa panjira zitatu zija, ndipo maluwa a rozi abzalidwa pansi pa zenera, dzuwa liwombe lisawombe. Ngati mukufuna kuthandiza, muzibwera Loweruka ndi ana anu. Nawonso ali ndi mapazi.

Malemu asiya mkazi wawo, ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi m'modzi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo m'modzi ndi ang'ono awo awiri. Asiyanso antchito amene ankawatenga ngati ana awo, ndipo kwa inu ndikuti ntchito ilipo, kampani ikupitirira.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira ndi wodwala wokonda kutsutsa. Tikuthokoza anansi amene akhala akuthirira zomera izi pamene ife tinali kuchipatala, ndi amene atibwereka mipando. Tikuthokoza akapitawo ndi antchito onse, eni mahotelo, mabanki ndi maofesi amene abwera, komanso alonda a malo amenewo, omwe ndaona abwera ambiri kuposa mabwana awo. Tikuthokoza nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe.

Pali pempho limodzi lochokera kwa akulu anga. Chipatala cha zomera chija chatsekedwa, dokotala wake wapita. Pochoka pano, aliyense anyamule chomera chimodzi pakhomapo akabzale kwawo, kuti kapinga apeze malo. Koma ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti simuthirira, chisiyeni, musadzatichititse maliro awiri. Ketulo yobooka ili pamenepo yokha musaikhudze, ili ndi mwini wake.

Za njira yachinayi, tichita monga ananenera, tidikira dzinja. Koma ndikuuzeni zomwe ndinaona dzulo m'mawa anthu asanadzuke bwino. Akulu anga anatuluka kukhitchini ndi kapu ya tiyi m'manja, ndipo anakumbukira ali kale pakati pa njira. Anaima pang'ono. Kenako anapitiriza, anakafika pathebulo lija, n'kumwa okha tiyiyo ali chiimire. Ndiye akapitawo, njerwa zikatsala musabweze. Muziunjike pangodya.

Alamu, moyo wanu wonse munkatiuza kuti tisafulumire, koma lero wafulumira ndinu. Pitani bwino, mzimu wanu uuse mumtendere. Ife kuno tidikira.